Kupanga Mikisa ya Mawu Pakhomo ndi Kakompyuta ka Raspberry Pi

Mikisa ndi chipangizo chimene chimalandira mawu ochokera ku maikolofoni angapo, gitala kapena kiyibodi, n'kuwaphatikiza pamlingo umene woyendetsa wasankha, kenako n'kuwatumiza ku ampulifaya ndi masipika. Mikisa zakale zimachita ntchitoyi ndi magetsi okhaokha, pamene zambiri za masiku ano zimayamba zasandutsa mawuwo kukhala manambala, n'kuwachulukitsa ndi kuwawonkhetsa, kenako n'kuwabweza kukhala mawu omveka m'khutu. Masamu amenewa ndi opepuka moti kakompyuta ka Raspberry Pi, kamene kanatuluka koyamba mu 2012 ku Cambridge ndipo kamakwana pachikhatho, kangawachite popanda kulemedwa. Malangizo awa ndi a mikisa ya njira zinayi zolowera mawu, yokwanira kagulu kakang'ono ka kwaya, chipinda chojambuliramo zokambirana, kapena achinyamata amene akuphunzira ntchito ya pa wailesi.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna kuti muigwire musanagule kalikonse. Raspberry Pi ilibe polowetsera mawu ngakhale pamodzi, choncho ubwino wa mawu a mikisa yanu udzadalira sound card (kachipangizo kosandutsa mawu kukhala manambala n'kuwabwezanso) imene mudzalumikize kwa iyo, ndipo vuto lalikulu limene mudzalimbane nalo ndi kuchedwa kwa mawu pakati pa kamwa ya woimba ndi sipika. N'chifukwa chake dongosolo la ntchito liyenera kukhala lotere: muyambe ndi sound card, muyese kuchedwako, ndipo mukakhutira m'pamene mugule ma fader (timabatani totsetsereka tokwezera ndi kutsitsira mawu) ndi kupita kwa kalipentala kukapangitsa bokosi. Anthu ambiri amayambira pa bokosi chifukwa ndilo looneka, mapeto ake amakhala ndi chinthu chokongola chimene woimba aliyense amachikana.

Zipangizo zofunika

Ndimalimbikitsa Raspberry Pi 4, imene inatuluka mu 2019, ndipo ya RAM ya 2 GB ndi yokwanira ndithu. Pi 3 ingagwire ntchito, koma madoko ake onse a USB pamodzi ndi doko la netiweki amadutsira njira imodzi ya USB 2.0, zimene zimachititsa kuti mawu azidukaduka mukachepetsa nthawi yodikira. Pi 5 ya mu 2023 ndi yamphamvu kwambiri, kungoti imafuna adaputala ya 5 A ndiponso fani, ndipo fani ndi phokoso limene simungalifune pafupi ndi maikolofoni. Pi 4 imafuna adaputala ya mavolti 5 yotha kupereka 3 A kudzera pa USB-C. Musagwiritse ntchito chaja wamba ya foni, chifukwa magetsi akachepa pang'ono Pi imachepetsa liwiro lake yokha ndipo mawu amayamba kuthetheka. Kabowo ka mahedifoni kamene kali pa Pi 4 mukaiwale, popeza kamangotulutsa mawu osalowetsa, ndiponso mawu ake ndi aphokoso.

Sound card ikhale ya USB, ya mtundu umene Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa Pi, imauzindikira yokha popanda kuikamo pulogalamu yapadera yotchedwa driver, ndipo pa bokosi lake kapena pofotokoza za iyo pamalembedwa kuti class compliant. Behringer UMC404HD ndi chitsanzo chabwino, chifukwa ili ndi molowera mawu munayi molandira mawaya a XLR kapena a jack, motulukira munayi, komanso imapereka mavolti 48 kwa maikolofoni a condenser. Ngati mukufuna njira ziwiri zokha, Focusrite Scarlett 2i2 ndi yokwanira. Madoko onse a USB a Pi 4 pamodzi amapereka 1.2 A basi, choncho sound card imene ili ndi adaputala yakeyake muipatse magetsi kudzera pa adaputalayo.

Mungaganize zogula tima sound card totsika mtengo tinayi n'kutilowetsa m'madoko anayi a Pi, koma njira imeneyi ndi msampha. Sound card iliyonse ili ndi wotchi yakeyake imene imawerenga nthawi yotengera mawu, ndipo mawotchi awiri sayenda mofanana ndendende ngakhale atalembedwa liwiro limodzi. Pakapita mphindi zingapo imodzi imatsogola, ina imatsalira, ndipo kompyuta imakakamizika kutaya kapena kubwereza tizidutswa ta mawu, zimene zimamveka ngati kuthetheka kwa moto wa nkhuni. Pali mapulogalamu okonza zimenezi, monga zita-a2j, koma amawonjezera kuchedwa kumene tikulimbana nako. Sound card imodzi yokhala ndi njira zonse zimene mukufuna ndiyo yankho.

Zotsalazo ndi zazing'ono: memori khadi ya microSD ya 16 GB kapena kuposa, ma potentiometer otsetsereka asanu a 10 kilo-ohm olembedwa B10K (awa ndiwo ma fader), kachipangizo ka MCP3008 kowerenga pamene fader yafika, ma capacitor angapo a 100 nF, mabatani anayi, mawaya opyapyala, chowotcherera ndi mtovu wake.

Kukonza mapulogalamu ndi kuyesa kuchedwa kwa mawu

Pa kompyuta ina ikani pulogalamu ya Raspberry Pi Imager, ndipo mulembe nayo Raspberry Pi OS Lite pa memori khadi. Mtundu wa Lite ulibe zithunzi za pa sikirini, motero mphamvu zonse za Pi zimapita ku mawu. Imager imakulolani kuika dzina, mawu achinsinsi ndi kutsegula SSH musanalembe, kuti muzitha kulamula Pi kuchokera pa laputopu. Pi ikayaka, lembani lamulo lakuti sudo apt install jackd2 puredata python3-gpiozero. Ikakufunsani ngati mukufuna kulola JACK kugwira ntchito mwa realtime, vomerani, chifukwa chilolezo chimenechi chimachititsa kuti ntchito ya mawu izikhala patsogolo pa ntchito zina zonse za kompyutayo.

JACK ndi pulogalamu imene imanyamula mawu kuchokera ku sound card kupita ku mapulogalamu ena n'kuwabweza panthawi yake. Lowetsani sound card, ndipo mulembe cat /proc/asound/cards kuti muone dzina limene Linux yaipatsa. Pa Pi yopanda sikirini muyenera kuyamba mwalemba export JACK_NO_AUDIO_RESERVATION=1, apo ayi JACK imakana kuyamba. Kenako muiyambitse ndi jackd -d alsa -d hw:DZINA -r 48000 -p 128 -n 3, ndipo pamalo pa DZINA muikepo dzina lija.

Manambala atatu a m'lamuloli ndi ofunika kuwamvetsa bwino, pakuti ndiwo mtima wa ntchito yonse. Nambala ya 48000 ikutanthauza kuti sound card imayeza mawu ka 48000 pa sekondi iliyonse. Kompyuta silandira miyezoyi umodziumodzi, koma imadikira kuti ikwane mtolo wa 128 isanaigwire, ndipo imasunga mitolo itatu kuti sipika isasowe choimba pamene mtolo wotsatira ukukonzedwa. Mukachulukitsa 128 ndi 3 n'kugawa ndi 48000 mumapeza mamilisekondi 8. Mtolo wa 256 umapereka mamilisekondi 16, ndipo wa 64 umapereka 4. Mtolo waung'ono umachepetsa kuchedwa, koma umapanikiza Pi kuti imalize masamu ake mofulumira, ndipo ikalephera ngakhale kamodzi JACK imalemba mawu akuti xrun pamene khutu limamva kakuti tswa.

Kuti mudziwe ngati kuchedwa kumeneku n'kwakukulu, kumbukirani kuti mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa milisekondi iliyonse. Kuchedwa kwa mamilisekondi 10 kuli ngati kuima mamita atatu ndi theka kuchokera pa sipika, zimene oimba a pa siteji anazizolowera kale. Wovala mahedifoni ndiye amavutika msanga, chifukwa amamva mawu ake kudzera m'mafupa a m'mutu nthawi yomweyo, kenako n'kuwamvanso kuchokera m'mahedifoni atachedwa, ndipo mawu awiriwa akasakanikirana amamveka ngati akulankhulira m'chitini. Woimba ng'oma nayenso amataya kamvekedwe kake kuchedwako kukakula.

Masamu a pamwambawa sawerengera nthawi imene mawu amatenga polowa, komanso imene sound card ndi USB zimawonjezera, choncho muyenera kuyeza nokha. Lumikizani waya kuchokera potulukira poyamba kupita polowera poyamba, tsitsani gain (kabatani ka pa sound card kokwezera mawu olowa), ndipo muyambitse jack_iodelay, imene ndi imodzi mwa mapulogalamu othandizira a JACK, n'kuilumikiza ku madoko awiriwo ndi jack_connect. Idzakuuzani nthawi yeniyeni ya ulendo wonse. Mukapeza mamilisekondi osapitirira 15 ndipo palibe xrun kwa ola lathunthu, pitirizani ndi mtima wodekha. Ma xrun akamabwera, yambani mwalamula Pi kuti isamasinthesinthe liwiro polemba mawu akuti performance mu fayilo ya /sys/devices/system/cpu/cpufreq/policy0/scaling_governor, kenako muzimitse Wi-Fi ndi Bluetooth ngati simukuzifuna. Muonenso kutentha ndi vcgencmd measure_temp, chifukwa Pi 4 imayamba kuchepetsa liwiro ikafika madigiri 80. M'chipinda chamalata mwezi wa Okutobala, makamaka ku Chigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja, madigiri amenewa safuna nthawi yaitali kuti akwane, ndipo chitsulo choziziritsira cha aluminiyamu chomatidwa pa purosesa n'chofunika kwambiri.

Kumanga mikisa yeniyeniyo

Mikisayo tidzaimanga mu Pure Data, pulogalamu yaulere imene Miller Puckette anayamba kuilemba m'zaka za m'ma 1990, momwe munthu amajambula timabokosi n'kutilumikiza ndi mizere monga mmene angalumikizire mawaya. Ikani pulogalamuyi pa laputopu, mujambulire pomwepo, ndipo mukamaliza mukopere fayiloyo ku Pi.

Njira iliyonse imayamba ndi kabokosi ka adc~ kokhala ndi nambala ya polowera, monga adc~ 1. Pansi pake muike hip~ 90, kamene kamachepetsa mawu okhuthala a pansi pa 90 Hz, komwe kumakhala kugunda kwa mapazi pa siteji, mphepo yowomba pa maikolofoni ndi kung'ung'udza kwa magetsi a 50 Hz. Kabokosi kamodzi kamadula mofatsa, choncho pa maikolofoni a mawu a anthu ndimaika tiwiri motsatizana, koma pa gitala ya besi ndi kiyibodi musaikepo. Kenako pabwere kabokosi kochulukitsa ka *~, ndipo apa m'pamene fader imagwira ntchito: kuchulukitsa ndi 1 kumasiya mawu mmene alili, ndi 0.5 kumawatsitsa ndi madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) 6, ndipo ndi 0 kumawazimitsiratu.

Nambala yochokera ku fader isalowe mu *~ mwachindunji. Ikalumpha mwadzidzidzi kuchoka pa mlingo wina kupita pa wina, sipika imatulutsa kaphokoso konga ka zipi ya chikwama nthawi iliyonse mukasuntha fader. Muidutsitse mu line~ n'kuipatsa mamilisekondi 30 kuti iyende mosalala kufika pa mlingo watsopano. Ndi kanthu kakang'ono, komatu ndi kamene kamasiyanitsa mikisa yomveka mwaukatswiri ndi choseweretsa.

Khutu la munthu silimva kukwera kwa mawu mofanana ndi mmene manambala amakwerera, n'chifukwa chake timawerenga m'madesibelo. Pure Data ili ndi kabokosi ka dbtorms, kamene kamatenga 100 kukhala mawu osasinthidwa, 94 kukhala theka, ndi 0 kukhala chete. Konzani kuti ulendo wa fader uzipereka manambala oyambira pa 40 kufika pa 106, ndipo ikafika pansi penipeni izitumiza 0. Njira zonse zinayi muzitumize ndi throw~ ku catch~ imodzi, imene imaziwonkhetsa, kenako zidutse pa fader yaikulu n'kutulukira pa dac~ 1 2. Motulukira mwachitatu ndi mwachinayi mungapangemo msakanizo wina wa sipika yoyang'ana oimba, wotengedwa fader isanakhudze mawuwo, kuti mukatsitsa woimba kwa omvera iye azidzimvabe. Pa Pi, fayiloyo muiyambitse ndi pd -nogui -jack -channels 4 kenako dzina lake.

Ma fader ndi mawaya ake

Mapini 40 a Raspberry Pi amadziwa zinthu ziwiri zokha, kuti magetsi alipo kapena palibe, ndipo sangathe kuyeza kuti fader yafika pakati. Ntchito imeneyi ndi ya MCP3008, kachipangizo ka miyendo 16 kamene kamayeza magetsi pa njira 8 n'kupereka nambala yoyambira pa 0 kufika pa 1023. Dziwani kuti mawu enieniwo sadutsa mu ma fader amenewa ayi. Fader imangouza kompyuta pamene chala chanu chaisiya, choncho ngakhale italowa fumbi siingabweretse kukhwekhwereza kumene timakumva pa mikisa zakale. Tasankha ya B10K, yokwera mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, chifukwa kupindika kwa madesibelo takuchita kale mu pulogalamu.

Zimitsani Pi musanagwire waya uliwonse. Mwendo woyamba wa MCP3008 uli pafupi ndi kadontho kapena kamphako ka pamwamba pake, ndipo miyendo 1 mpaka 8 ndiyo njira zoyezera. Miyendo 16 ndi 15 ipite ku mavolti 3.3 pa pini 1 ya Pi, ndipo miyendo 14 ndi 9 ipite ku ground, mbali ya mavolti 0, pa pini 6. Mwendo 13 upite ku pini 23, mwendo 12 ku pini 21, mwendo 11 ku pini 19, ndi mwendo 10 ku pini 24. Manambala a mapiniwa ndi owerenga malo ake pa mzere wa mapini 40, osati manambala a GPIO, amene mapulogalamu amatchulira mapiniwa. Chenjezo lalikulu ndi lakuti musalumikize kachipangizoka ku pini ya mavolti 5, pakuti kadzabweza mavolti 5 ku pini ya Pi imene imapirira 3.3 okha, ndipo ikapsa siikonzeka. Wotchererani capacitor ya 100 nF pakati pa mwendo 16 ndi ground, pafupi kwambiri ndi kachipangizoko.

Fader iliyonse ili ndi malekezero awiri ndi mwendo wotsetsereka. Malekezero amodzi apite ku 3.3, ena ku ground, ndipo wotsetserekawo upite ku njira imodzi ya MCP3008. Mukaona kuti kukweza fader kukutsitsa nambala, ingosinthanitsani mawaya a malekezerowo. Ma fader anayi ndi yaikulu ija amatenga njira zisanu, ndipo zitatu zotsalazo mungaikemo ma potentiometer ozungulira a sipika ya oimba ndi zina. Mukafuna njira zambiri, MCP3008 yachiwiri imagawana mawaya atatu a miyendo 13, 12 ndi 11 ndi yoyamba, kupatula mwendo 10 umene umapita ku pini 26. Mabatani ozimitsira njira iliyonse amangolumikizidwa pakati pa pini ya GPIO yopanda ntchito ndi ground, chifukwa Pi ili ndi resistor yamkati imene gpiozero imaiyatsa yokha.

Tsegulani SPI, njira imene Pi imalankhulirana ndi MCP3008, kudzera mu sudo raspi-config, kenako mulembe kapulogalamu kakafupi m'chinenero cha makompyuta cha Python. Kazigwiritsa ntchito MCP3008 ya mu gpiozero, imene imapereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1, kaziwerenga fader iliyonse ka 100 pa sekondi, ndipo kazitumiza uthenga monga ch1 88; kudzera pa UDP (njira yotumizirana mauthenga pa netiweki) ku adiresi 127.0.0.1, doko 3000. Mu Pure Data uthengawo umalandiridwa ndi netreceive -u 3000 n'kugawidwa ndi route ch1 ch2 ch3 ch4 master. Nambala ya MCP3008 imanjenjemera ndi 1 kapena 2 ngakhale palibe waigwira fader, choncho kapulogalamuko kazitumiza uthenga pokhapokha kusinthako kukaposa masitepe atatu mwa 1023. Amene sakonda kuwotcherera angagule Korg nanoKONTROL2, yokhala ndi ma fader 8 pa USB, n'kuiwerenga ndi kabokosi ka ctlin, ngakhale kuti masitepe ake ndi 128 okha ndipo ma fader ake ndi aafupi.

Bokosi ndi magetsi

Bokosi la pulayiwudi ndi lokwanira, bola likhale ndi mabowo olowera mpweya pansi ndi otulukira kumbuyo, otchingidwa ndi kaneti kuti mphemvu ndi fumbi zisalowe. Mawaya a maikolofoni adutse kutali ndi ma adaputala, ndipo zipangizo zonse, kuphatikizapo ampulifaya, zitenge magetsi pa soketi imodzi, chifukwa masoketi awiri osiyana ndiwo kawirikawiri amabweretsa kung'ung'udza kosatha m'masipika.

Mikisa iyenera kuyamba yokha ikangolandira magetsi, popanda laputopu. Lembani mafayilo atatu a systemd, imene imayambitsa mapulogalamu Pi ikayaka: loyamba la JACK, lachiwiri la Pure Data lodikira JACK, ndi lachitatu la Python, ndipo m'lililonse muike Restart=always kuti pulogalamu ikagwa idzuke yokha. Mu fayilo la JACK muikemonso LimitRTPRIO=95 ndi LimitMEMLOCK=infinity, popeza chilolezo cha realtime chimene munavomera poyamba chija sichifika ku mapulogalamu oyambitsidwa ndi systemd.

Kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi kumawononga memori khadi ngati kwapeza Pi ikulembapo, ndipo kwathu kuno limeneli si vuto longoganizira. Zonse zikayamba kuyenda bwino, pitaninso mu raspi-config n'kuyatsa overlay file system, imene imachititsa kuti Pi izingowerenga pa khadi osalembapo. Mukadzafuna kusintha kanthu mudzayamba mwaizimitsa kaye. Ikaninso mzere wakuti dtoverlay=gpio-shutdown mu fayilo la /boot/firmware/config.txt musanayatse overlay, ndipo batani lolumikiza pini 5 ndi ground lidzakhala lozimitsira Pi mwadongosolo. Power bank ingathandize, koma muiyese kaye, chifukwa zambiri zimadula magetsi kwa kamphindi pamene zayamba kapena kusiya kutchajidwa, ndipo kamphindi kameneko ndi kokwanira kuzimitsa Pi pakati pa nyimbo. Mukopere memori khadi yonse pa ina yofanana nayo n'kuimata ndi tepi mkati mwa bokosi.

Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito

Yatsani mikisa poyamba ndi ampulifaya pomaliza, ndipo pozimitsa muyambe ndi ampulifaya, kuti kugunda kwa poyatsa kusafike ku masipika. Batani la mavolti 48 likhale lozimitsa pamene mukulowetsa kapena kuzula maikolofoni, ndipo maikolofoni a dynamic monga Shure SM58 salifuna n'komwe. Ikani ma fader onse pansi, muuze woimba kuti aimbe mokweza monga adzaimbire anthu akadzadza, ndipo mukweze gain ya pa sound card mpaka kagetsi kochenjeza kayambe kuthwanima, kenako muibweze ndithu mpaka kasiyiretu. M'mikisa ya manambala muli denga limene mawu sangalidutse, ndipo akaligunda amang'ambika moipa, choncho ndi bwino kuti mawu okwera kwambiri a njira iliyonse azitsala madesibelo 12 pansi pa dengalo. Malo amenewa amafunika chifukwa njira zinayi zikawonkhetsedwa mawu amakwera kuposa a njira imodzi, ndipo fader yaikulu iyenera kuyambira cha pa 94 m'malo mwa 100.

Musanapite nayo pagulu, iyendetseni kwa maola awiri bokosi lili lotseka, pamalo otentha ofanana ndi kumene idzagwire ntchito, kenako muwerenge zimene JACK yalemba pogwiritsa ntchito journalctl. Mukapeza xrun ngakhale imodzi, kwezani mtolo kufika pa 256 n'kuyesanso. Pa ulaliki, misonkhano ndi zokambirana, mamilisekondi owonjezerawo palibe angawazindikire, ndipo kwa oimba ovala mahedifoni mungagwiritse ntchito direct monitoring ya pa sound card, imene imatumiza mawu kuchokera polowera kupita ku mahedifoni osadutsa mu Pi.